Kufalikira kwa Nkhupakupa ndi Chiopsezo kwa Agalu Athu

Sukulu ya Alimi ya M'munda: Gawo la Ziweto

Nthawi: maola 3

Malo: pakhomo pa membala amene ali ndi agalu, kufupi ndi dambo kapena msipu

Zipangizo: nsalu yoyera yotalika mita imodzi mbali zonse, ndodo, chingwe, mabotolo okhala ndi zotsekera, sipiriti kapena palafini pang'ono, chopanira kapena ulusi, majumbo ovala m'manja, sopo, madzi, sikelo, kope ndi cholembera

ZOLINGA ZA PHUNZIROLI

Pomaliza phunziroli mudzatha:

1. kufotokoza moyo wa nkhupakupa ndi malo amene imabisala;
2. kutchula njira zimene nkhupakupa zimafikira m'dera limene munalibe;
3. kuzindikira msanga galu amene wadwala matenda obwera ndi nkhupakupa;
4. kuchotsa nkhupakupa moyenera ndi kusankha njira zopewera zimene gulu lathu lingakwanitse.

MAWU OYAMBA

Amayi ndi abambo, pa maphunziro a ziweto timakamba kwambiri za ng'ombe, mbuzi, nkhumba ndi nkhuku chifukwa ndi zimene timagulitsa. Galu sitimuwerengera pa chuma cha pakhomo. Komatu ndi iyeyo amene amalondera khola usiku, amapirikitsa anyani m'munda wa chimanga, ndiponso amatidzutsa fisi kapena wakuba akayandikira mbuzi. Galu akafa, khola limatsala pamtetete.

Pali chifukwa chinanso. Galu amayenda paliponse. M'mawa ali kudambo ndi abusa, masana ali kukhola, madzulo wagona pakhonde pamene ana akusewera. Nkhupakupa imene watola kuthengo amaifikitsa pakhomo. Choncho kusamala galu ndi kusamalanso ziweto zina pamodzi ndi banja lonse.

1. MOYO WA NKHUPAKUPA

Nkhupakupa siuluka ndipo sidumpha ngati utitiri. Imakwera pa udzu n'kudikira nyama yodutsa, kapena imakwawa kuchoka pamene yabisala. Moyo wake uli ndi magawo 4:

- dzira;
- kamwana ka miyendo 6, kochepa ngati njere ya fodya;
- yokulirapo ya miyendo 8, imene sinayambe kuswana;
- yaikulu, yaimuna kapena yaikazi.

Nkhupakupa zambiri za agalu zimakwera pa nyama katatu pa moyo wawo. Ikayamwa magazi kwa masiku angapo imagwa pansi, imabisala, imafundula, kenako imakwera pa nyama ina. Yaikazi ikakhuta komaliza imagwa n'kuikira mazira masauzande pa nthawi imodzi, kenako imafa.

Apa pali mfundo 2 zofunika. Yoyamba, nkhupakupa zimene mukuona pa galu ndi zochepa poyerekeza ndi zimene zili pansi, m'ming'alu ndi m'udzu. Mukangosambitsa galu osasamala pogona pake, posachedwa adzadzazanso. Yachiwiri, popeza nkhupakupa imodzi imayamwa nyama zosiyana, imatha kutenga tizilombo kwa galu wodwala n'kukapatsira galu wabwinobwino. Tizilombo tina timalowa mpaka m'mazira, kotero ana ake amabadwa ali nato kale.

2. MITUNDU YOFUNIKA KUIDZIWA

Nkhupakupa yofiirira ya agalu. Akatswiri amaitchula Rhipicephalus sanguineus. Iyi ndi ya pakhomo. Imabisala m'ming'alu ya makoma, m'tsindwi, pansi pa masaka ndi pogona galu. Imapirira chilimwe, ndipo yaikulu imatha miyezi yambiri osadya. Kukatentha imamaliza moyo wake wonse m'miyezi 2 yokha, choncho imaswana kangapo pa chaka.

Nkhupakupa yachikasu ya agalu. Dzina lake ndi Haemaphysalis elliptica. Ana ake amayamwa mbewa, pamene zazikulu zimakonda agalu ndi nyama zam'tchire monga nkhandwe. Agalu opita kuuzimba kapena kokumba mbewa ndi amene amaitenga kwambiri.

Nkhupakupa zamawangamawanga ndi za miyendo ya mizeremizere. Izi ndi za ng'ombe ndi mbuzi, koma zimalumanso agalu ndi anthu. Zili ndi milomo yaitali imene imasiya zilonda zakuya.

Nkhupakupa yofiirira ya m'makutu a ng'ombe ndi imene imafalitsa East Coast fever, matenda amene alimi ambiri amawatchula chigodola cha ng'ombe. Galu sadwala matendawa, koma amatha kunyamula nkhupakupa zake kuchoka kumsipu wina kupita kwina.

3. KODI NKHUPAKUPA ZIMAFIKA BWANJI KUMENE KUNALIBE?

Payokha nkhupakupa imangokwawa mamita ochepa. Ulendo wautali imachita kunyamulidwa. M'zaka zaposachedwapa mitundu yambiri yapezeka m'madera atsopano pa dziko lonse, ndipo zifukwa zake ndi zimene tili nazonso kuno kwathu.

Kuyendetsa ziweto. Nkhupakupa ya buluu yochokera ku Asia, Rhipicephalus microplus, inapezeka koyamba ku Côte d'Ivoire m'chaka cha 2007, italowa ndi ng'ombe zogulidwa ku Brazil. M'zaka zochepa inafalikira m'maiko oyandikana nawo monga Burkina Faso ndi Mali. Ku Malawi ndi ku Zambia ilipo kale, ndipo kumene yafika imalanda malo a nkhupakupa ya buluu yachikhalire. Imaswana msanga komanso sichedwa kupirira ku mankhwala. Ng'ombe imodzi yogulidwa kumsika, mbuzi ya pulogalamu yopatsirana ziweto, kapena nyama yodutsa malire mozemba, imakwanira kubweretsa mtundu watsopano m'mudzi.

Kuyendetsa agalu. Ku Australia nkhupakupa yofiirira ya agalu inalipo kale, koma matenda a ehrlichiosis anali asanapezekeko. Anapezeka mu Meyi 2020 m'chigawo cha Kimberley, ndipo anafalikira msanga kumpoto kwa dzikolo n'kupha agalu ambiri m'midzi yakutali ndi madotolo a ziweto. Ku Britain, m'tawuni ya Harlow m'chaka cha 2016, agalu amene anali asanatulukepo m'dzikolo anadwala babesiosis, ndipo nkhupakupa zokhala ndi tizilomboto zinapezeka pamalo amene agaluwo ankayendapo. Ifenso timapatsana ana agalu ndi abale a kutawuni kapena a boma lina popanda kuwayang'ana.

Mbalame ndi nyama zam'tchire. Nkhupakupa yamawangamawanga inachoka kuzambwe kwa Africa ndi ng'ombe za m'sitima zapamadzi n'kukafika ku Guadeloupe, chilumba cha ku Caribbean. Akatswiri amakhulupirira kuti akakowa, mbalame zomwe zija zimatsata ng'ombe zathu kudambo, anathandiza kuifalitsa kuzilumba zina. Tikamalima ndi kudyetsa ziweto m'mphepete mwa nkhalango zotetezedwa, agalu athu amagawana nkhupakupa ndi nyama zam'tchire.

Kusintha kwa nyengo. Kuzizira kumachedwetsa mazira kuswa ndiponso ana kukula. Ku Canada nkhupakupa yofalitsa matenda a Lyme ikusunthira kumpoto chifukwa nyengo yozizira ikufupika. Kwathu kuno malo okwera monga Dedza, Viphya ndi Mulanje amazizira kwambiri mu Juni ndi Julayi kusiyana ndi Chikwawa, Salima kapena Karonga. Chisanu chikamachepa mphamvu, nkhupakupa zimapeza miyezi yambiri yoswanirana. Ofufuza anapezanso kuti kukatentha kwambiri nkhupakupa yofiirira ya agalu imaluma anthu kuposa nthawi zonse.

Ngozi zogwa mwadzidzidzi. Namondwe monga Idai mu 2019 ndi Freddy mu 2023 anasamutsa mabanja ambiri. Anthu akasamuka ndi ziweto, ndipo ziweto za midzi yosiyana zikaunjikana pamalo amodzi, nkhupakupa nazo zimasakanikirana.

Kuleka kusambitsa ziweto. Kumene dibi inasiya kugwira ntchito ndipo alimi sapopera ziweto zawo, nkhupakupa zimachuluka m'msipu wa mudzi wonse.

Choopsa ndi chakuti matenda akalowa kumene kunalibe, amapeza nyama zimene matupi awo sanakumanepo nawo, ndipo zimafa zambiri. Chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe.

4. MATENDA AMENE AGALU AMATENGA

Babesiosis. Tizilombo take timalowa m'maselo ofiira a magazi n'kuwaphwanya, monga amachitira malungo mwa munthu. Mtundu woopsa kwambiri kumwera kwa Africa ndi Babesia rossi, wofalitsidwa ndi nkhupakupa yachikasu. Zizindikiro zimaoneka pakapita mlungu umodzi mpaka milungu 3 galu atalumidwa:

- kutentha thupi, kufooka ndi kukana chakudya;
- usinini ndi mkati mwa zikope kuyera, kenako kusanduka zachikasu;
- mkodzo wofiira kapena woderapo ngati tiyi wopanda mkaka;
- kupuma mwawefuwefu.

Galu akapanda kuthandizidwa amatha kufa m'masiku ochepa.

Ehrlichiosis. Amafalitsidwa ndi nkhupakupa yofiirira ya pakhomo. Amachepetsa tizigawo ta magazi timene timathandiza kuti magazi aundane. Galu amatentha thupi, amatuluka manthongo, amakha kamfuno, ndipo pa usinini kapena pamimba pamaoneka timadontho tofiira. Matendawa ndi onyenga: galu amaoneka ngati wachira koma tizilombo tili m'thupi, ndipo pakatha miyezi amayamba kuwonda, kutupa miyendo ndi kuchita khungu. Akafika pamenepa kuchiza kumavuta. Agalu a mtundu wa German Shepherd amadwala kwambiri kuposa achikuda.

Hepatozoonosis. Awa galu amawatenga akameza nkhupakupa. N'chifukwa chake nkhupakupa imene mwachotsa musamuponyere galu kuti adye.

Kutha magazi ndi zilonda. Ana agalu amatha kufa ndi kuyamwidwa kokhako nkhupakupa zikachuluka. Zilonda za m'makutu zimaitana ntchentche zimene zimaikira mphutsi.

Dziwani kuti njoka zam'mimba nazo zimayeretsa usinini, chimodzimodzinso matenda obwera ndi kashembe m'madera oyandikana ndi nkhalango za Nkhotakota, Kasungu ndi Vwaza. Kuyeza kadontho ka magazi a kukhutu ndi kumene kumasiyanitsa matendawa. Katemera wa chiwewe ndi wofunika chaka chilichonse, koma sateteza galu ku matenda a nkhupakupa.

Nanga anthu? Galu sapatsira munthu matendawa pomunyambita kapena pomukhudza. Koma nkhupakupa ikaluma munthu imatha kumupatsa matenda otentha thupi, mutu waukulu, mwanabele ndi kachilonda kakuda pamene yaluma. Mukapita kuchipatala ndipo malungo sanapezeke, auzeni achipatala ngati munalumidwa ndi nkhupakupa.

5. KUYANG'ANA GALU NDI KUCHOTSA NKHUPAKUPA

Tizilombo ta babesiosis timafuna kuti nkhupakupa ikhale pa galu tsiku limodzi kapena masiku 2 tisanalowe m'magazi. Choncho kuchotsa nkhupakupa tsiku ndi tsiku kumateteza kwambiri. Ta ehrlichiosis timalowa m'maola ochepa chabe, ndiye kuchotsa kokha sikukwanira: pafunikanso ukhondo wa pogona ndi mankhwala.

Galu agwidwe ndi mwini wake. Ngati ndi wolusa mangani kukamwa ndi kansalu. Galu wachilendo, wotuluka dovu kapena wosintha khalidwe musamugwire, chifukwa akhoza kukhala ndi chiwewe. Dziwitsani alangizi a ziweto.

Yang'anani malo awa: mkati ndi kuseri kwa makutu, mozungulira maso, m'khosi, m'khwapa, pakati pa zala za mapazi, m'mphechepeche ndi pansi pa mchira. Tukulani mlomo muone usinini. Wa galu wathanzi umakhala wofiirira ndi wonyowa. Dinani ndi chala: pamene payera pazibwerera m'masekondi 2.

Pochotsa nkhupakupa:

1. Valani jumbo m'manja.
2. Gwirani nkhupakupa ndi chopanira pafupi ndi khungu, pamene pali mutu. Ngati mulibe chopanira, mangani ulusi pamalo omwewo.
3. Kokani pang'onopang'ono mosalekeza. Musafinye mimba yake.
4. Iponyeni m'botolo la sipiriti kapena palafini, kapena pamoto.
5. Tsukani pachilonda ndi sopo, kenako sambani m'manja.

Musaiphwanye ndi zikhadabo, chifukwa magazi ake akhoza kukhala ndi tizilombo todwalitsa munthu. Musaiwotche ndi machesi kapena kuipaka mafuta ikadali pa galu. Yokhuta musaitaye pabwalo chifukwa ikaikira mazira pomwepo.

6. KUPEWA NDI KUCHIZA

Pogona galu. Sesani tsiku lililonse ndipo zinyalala zake muziwotche. Matani ming'alu ya makoma ndi kuzira pansi. Masaka ogonera muwaviike m'madzi owira mlungu uliwonse n'kuwayanika padzuwa. Tchetchani udzu mozungulira nyumba ndi khola, makamaka m'dzinja. Nkhuku zimatola nkhupakupa m'khola la ng'ombe, choncho zisiyeni zizilowamo, kupatula pamene mwangopopera mankhwala.

Nyama yatsopano. Galu, mbuzi kapena ng'ombe ikangofika, ichotseni nkhupakupa, ipatseni mankhwala oyenera ndipo ikhale payokha milungu 3. Milunguyi imathandiza kuti ena mwa matenda amene yabwera nawo aonekere. Pogula ziweto kutali, tengani chilolezo choyendetsera ziweto ku ofesi ya zaulimi.

Mankhwala opha nkhupakupa. Alipo osambitsira monga a amitraz, odontheza pakhosi monga a fipronil, makolala, ndi mapiritsi amene ena amateteza mwezi umodzi, ena milungu 12. Gulani m'sitolo yovomerezeka ya mankhwala a ziweto, ndipo onetsetsani kuti pa botolo palembedwa kuti ndi a agalu. Tsatirani muyeso. Mukachepetsa pofuna kusunga ndalama, nkhupakupa zolimba zimapulumuka n'kubereka zinzake zosamva mankhwala. Mukachulutsa mumapha galu. Amitraz musathire amphaka, abulu, ana agalu aang'ono kapena galu wodwala. Mankhwala a permethrin amapha amphaka. Madzi otsala musataye kumtsinje, kudambo kapena pafupi ndi chitsime.

Alimi ena amagwiritsa ntchito masamba a ombwe pa ziweto. Kafukufuku anaonetsa kuti mitengo ina ya ombwe ili ndi mphamvu yopha tizilombo pamene ina ilibe, ngakhale imaoneka yofanana. Ombwe amaphanso nsomba, ndipo galu amadzinyambita. Kambiranani ndi alangizi musanayese.

Izi musachite:

- kupaka galu oilo wakuda, dizilo kapena palafini;
- kumuthira mankhwala opopera thonje, fodya kapena matimati, ngakhale othira chimanga m'nkhokwe;
- kumuthira mankhwala a pamsana pa ng'ombe;
- kumumwetsa mankhwala a anthu monga Panado, Brufen kapena LA.

Galu akadwala. Itanani alangizi a ziweto tsiku lomwelo. Babesiosis amachizika ndi jekeseni wa diminazene, amene ambiri mumamudziwa kuti Berenil wa ng'ombe. Kwa galu mankhwalawa ndi oopsa: akapitirira muyeso pang'ono, kapena akabwerezedwa msanga, amawononga ubongo n'kupha. Abaye ndi wodziwa ntchitoyi, galu atayezedwa pa sikelo. Ehrlichiosis amachizika ndi mapiritsi a doxycycline kwa masiku 28. Musalekezere panjira ngakhale galu ataoneka kuti wachira. Wodwalayo akhale pamthunzi, apatsidwe madzi abwino ndi chakudya chofewa chokhala ndi usipa kapena mazira.

7. NTCHITO YA M'MAGULU

Gawanani m'magulu a anthu 5 kapena 6. Valani mathalauza aatali olowetsa m'masokosi kapena m'jombo.

Ntchito yoyamba: kukoka nsalu. Mangani nsalu yoyera ku ndodo n'kuikoka pa udzu mapazi 50. Itembenuzeni ndipo werengani nkhupakupa zimene zakakamira, ngakhale ting'onoting'ono. Chitani izi m'malo 3: kudambo, m'njira ya ziweto ndi kuseri kwa nyumba.

Ntchito yachiwiri: kuunika galu. Gulu lililonse liyang'ane agalu 2. Lembani msinkhu wa galu, kumene amayenda, chiwerengero cha nkhupakupa pa chiwalo chilichonse ndi mtundu wa usinini. Yezani kulemera kwake pomunyamula pa sikelo n'kuchotsera kulemera kwanu.

Ntchito yachitatu: kuunika pogona. Fufuzani m'ming'alu, pansi pa masaka ndi m'makoma mpaka kutsindwi.

Ntchito yachinayi: mapu a mudzi. Jambulani pansi mudzi wanu. Onetsani msipu, pomwera ziweto, msika, msewu wa ziweto zochokera kutali, nkhalango ndi dibi. Ikani miyala pamalo amene nkhupakupa zatsopano zingalowere.

Gulu lililonse lifotokozere anzawo zimene lapeza. Mukafika kunyumba dziyang'aneni thupi lonse.

8. KAFUKUFUKU WATHU WA MILUNGU 8

Sankhani makomo 6 okhala ndi agalu, muwagawe pawiri. Musanayambe, werengani nkhupakupa pa galu aliyense.

Makomo 3 oyamba: kuchotsa nkhupakupa tsiku lililonse ndi kusamala pogona.

Makomo 3 enawo: zonsezi, kuwonjezerapo mankhwala amene alangizi avomereza.

Tsiku la sukulu mlungu uliwonse, werengani nkhupakupa musanazichotse. Mlembi alembe tsiku, dzina la galu, chiwerengero cha nkhupakupa, mtundu wa usinini, ngati galu akudya bwino, ndalama zimene zalowa, ndi momwe nyengo inalili. Galu akaonetsa zizindikiro za matenda alandire chithandizo nthawi yomweyo, osadikira kuti kafukufuku athe. Pa mlungu wa 8 tidzayerekeza zotsatira ndi kusankha njira imene gulu lingapitirize.

9. MAFUNSO OKAMBIRANA

1. Inu amene mwakhalitsa m'dera lino, kodi nkhupakupa zimene mukuona lero ndi zomwe zinalipo kale? Zimachuluka miyezi iti?
2. Chaka chino m'mudzi muno mwalowa agalu ndi ziweto zingati zochokera kwina? Zinayang'anidwa ndi ndani?
3. Agalu amene anafa chaka chatha anaonetsa zizindikiro zotani?
4. Botolo limodzi la mankhwala limakwanira makomo angapo. Kodi tingasonkhe bwanji, mwina kudzera ku banki m'khonde, kuti tizisambitsa agalu onse tsiku limodzi?
5. Ndi lamulo lotani limene tingapemphe amfumu kuti akhazikitse pa nyama zobwera m'mudzi?

10. KUMBUKIRANI

- Nkhupakupa zambiri zili pansi, osati pa galu.
- Nkhupakupa zimayenda ulendo wautali ponyamulidwa ndi nyama zimene ife tomwe timayendetsa.
- Usinini woyera kapena wachikasu, mkodzo wofiira ndi kamfuno zimafuna alangizi tsiku lomwelo.
- Mukaona nkhupakupa yachilendo, isungeni m'botolo la sipiriti, lembani tsiku, malo ndi nyama imene mwaichotsapo, ndipo perekani kwa alangizi a ziweto.
- Khomo limodzi likasamala pamene oyandikana nalo sakusamala, nkhupakupa zimabwerera. Mutu umodzi susenza denga.

Ntchito ya kunyumba: yang'anani agalu anu madzulo aliwonse mlungu uno. Nkhupakupa zimene mwachotsa mubwere nazo m'botolo lotseka pa tsiku la sukulu likubwerali, kuti tidzazisiyanitse mitundu pamodzi.